Sikinala wanga alibe chitupa cha kuno, boti lagona padoko masiku anayi

Mwini chilimira ku Likoma:
Akuluakulu ndithandizeni nzeru, mutu waima. Padoko pathu achitetezo ayamba zoti madzulo boti lisanatuluke tipereke mayina a alovi (antchito a m'boti) onse ndi manambala a zitupa za unzika, m'mawa pobwera atiwerengenso. Akuti pali maboti akumanyamula anthu usiku ponamizira usodzi. Zimenezo sindikutsutsa. Vuto ndi loti mwa alovi anga 9, awiri ndi akutsidya ku Cobue, ku Mozambique, ndipo mmodzi ndiye sikinala wanga, amene amakopa usipa ndi nyali usiku n'kutsogolera poponya ukonde wa chilimira. Ndakhala naye zaka 6, mkazi wake ndi wa konkuno, ana anabadwira konkuno, koma chitupa alibe. Lolemba anatibweza petulo titathira kale, nyali zili m'bwato. Mdima ndi uno, anzanga akutsitsa mabigili a usipa ine ndikungoyang'ana, mwezi ukatuluka ndiye kwanga kwatha. Ndiyambire pati? Musandiuze zosintha sikinala chonde, amene mukudziwa ntchitoyi mukudziwa kuti sikinala satoledwa pamsewu.

Msodzi wopuma wa ku Karonga:
Mwana wanga, nkhani imeneyi ndi yaifupi. Nyanja ndi ya Malawi. Pangano la 1890 la Angelezi ndi Ajeremani linaika malire pagombe la kutsidya. Ndiye munthu akukufunsa chitupa panyanja yako chifukwa chiyani?

Woyendetsa boti la katundu, Nkhata Bay:
Agogo, pepani, mwasakaniza. Za 1890 zija ndi za kumpoto, mbali ya Tanzania, ndipo Tanzaniayo imati malire ali pakati pa madzi, mkangano uja unabukanso 2012 nkhani ya mafuta itayamba. Mbali ya Mozambique ndi ina, Angelezi ndi Apwitikizi anagwirizana 1954 kuti malire adutse m'madzi. Likoma ndi Chizumulu ndi zathu koma madzi ozungulira ndi a eni. Komanso achimwenewa sakufunsidwa za madzi, akufunsidwa za munthu.

Achimwene a ku Likoma, chinthu chimodzi chokha ndikupempheni: musayerekeze kulemba nambala ya chitupa cha munthu wina. Mnzathu wina anachita zimenezo, analemba cha mlamu wake. Tsiku lomwe anati aliyense aonetse nkhope ndi chitupa, mlandu unachoka pa mlovi n'kugwera mwini boti. Injini inakhala mwezi wathunthu ili yotsekeredwa.

Mayi ogula usipa:
Ife ogulafe ndiye tikupsa nazo mwakachetechete. Kale 5 koloko tinkakhala tagula, dzuwa likamatuluka usipa uli kale pathandala. Pano maboti akudikirana pamzere kuti awerengedwe, usipa ukufika m'manja mwathu utafewa mimba, ukauma umangoyoyoka. Ku Limbe amaudziwa patali usipa wotero, amakudula mtengo usanamasule thumba. Ndiye uphonyenso Ilala, udikire sabata ina, nkhungu yalowa. Bambo a chilimira, mukapita kokadandaula mukanenenso zathuzi, owerengawo azifika m'bandakucha, asamadikire tiyi.

Wapampando wa BVC (komiti ya padoko), kumwera kwa nyanja:
Kwathu zinabwerapo zofanana. Tinachita chonchi: komiti ya padoko inalemba kaundula wa alovi onse, akwathu ndi obwera, amfumu anadinda, kenako tinapita masana, osati madzulo boti likufuna kutuluka, kukakhala pansi ndi akuluakulu a chitetezo pamodzi ndi alangizi a zausodzi. Madzulo padoko munthu wa yunifolomu sangasinthe mawu pamaso pa gulu, mumangokwiyitsana. Koma ndisakunamizeni, kalata ya amfumu si chilolezo chogwirira ntchito m'dziko. Imangosonyeza kuti munthuyo ndi wodziwika. Za mapepala ake enieni mupite naye nokha ku ofesi yoona zolowa ndi kutuluka, akafotokoze za banja lake, amve okha chomwe akufunika.

Ndipo border pass musaidalire. Ija ndi yokachezera abale ndi kukagula zinthu, masiku ake ndi owerengeka.

Msodzi wopuma wa ku Karonga:
Mapepala, mapepala. Ife tinkapalasa mpaka kutsidya, kugona konko, kudya konko, palibe anatifunsa. Ndikubwerezanso, 1890.

Makaniko wa mainjini:
Agogo nthawi yanu inapita ndi mabwato opalasa. Inu nomwe a ku Karonga mukukumbuka June 2012, boti lija linamira ndi anthu a ku Ethiopia, mitembo yoposa 40 inavuulidwa. Kenako 2022 manda aja a m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba. Ndi zimenezo zikutipweteketsa tonse, chifukwa pakati pathu pomwepa alipo amene anadya ndalama zonyamula anthu usiku. Ndimakonza mainjini ine, ndimaona boti loti ukonde wake ndi wouma mwezi wonse koma petulo likumwa ngati galimoto ya Lilongwe.

Langizo langa ndi la zomwe musachite. Wina akuuzani kuti sikinalayo azitsogola pa bwato lake mukamutengere pamadzi. Osatheka. Mwatuluka 7, akupezani pakati muli 8, mufotokoza chiyani? Ndiye mwafanana ndendende ndi omwe akuwasakawo.

Mwini chilimira ku Likoma:
Zomutengera pamadzizo ndinaziganiziradi usiku wathawu, sindinama. Chabwino ndazisiya. A wapampando, kaundula wanuyo anatenga masiku angati? Ine ndatsala ndi mausiku mwina 5 amdima.

Woyendetsa boti la katundu, Nkhata Bay:
Komanso za "kangachepe" musayambe. Mukapereka kamodzi mwalembetsa, mwezi uliwonse azikudikirani, ndipo akasinthidwa obwerawo amapeza dzina lanu lili kale pakamwa.

Ine zinandionekera kutsidya chaka china. Mwera unatikankha usiku, injini inazima, tinakocheza pagombe lina kumpoto kwa Metangula. Mapepala a boti ndinali nawo onse, majekete odzitetezera okwanira, koma mnyamata mmodzi analibe kalikonse m'thumba. Tinakhala masiku atatu, matumba a ufa akunyowa, Chipwitikizi sitidziwa, mwayi wake anthu a kumeneko amayankhula Chinyanja chomwechi. Anatiombola ndi mkulu wina wa mpingo amene anadziwa bambo ake a mnyamatayo. Kuyambira pamenepo zitupa zonse ndimazikulunga mu jumbo n'kuika m'chigubu chotseka, chomangirira kumpando.

Mayi ogula usipa:
Nthawi ya kolera 2022 ankatiletsanso kugulitsa zophikaphika padoko, tinapirira, zinatha. Izinso mwina zitha. Koma ngongole ya kubanki mkhonde sidikira kuti zithe.

Msodzi wopuma wa ku Karonga:
Mukanamvera ine. Atanzania anayamba kumanga doko lawo ku Mbamba Bay, ife tili kalikiliki kuwerengana tokhatokha. Nyanja ndi yathu, pangano lilipo.

Makaniko wa mainjini:
Agogo tamva. Achimwene a ku Likoma, boti likakhala chonchi musasiye petulo wosakaniza ndi oyilo mu kabuleta, muzimitse potseka mafuta kuti atheretu, apo ayi tsiku lomwe adzakuloleni injini idzakana kulira. Paja yanu ija ndi Yamaha 15 kapena munagula 25?

Mwini maboti awiri, Chizumulu:
Kodi ku Nkhata Bay petulo wafika? Kuno tikugula wa m'zigubu, mtengo wake sindinena.