Tsiku la umodzi pakoleji: tiliike liti, tiphike chiyani, atsegule ndani?

Nabanda: Mwaswera bwanji nonse anzanga a m'maofesi oona za ophunzira. Ndabwera ndi katundu wandilemera. Akuluakulu a koleji yathu andiuza kuti ndikonzenso tsiku la umodzi wa zikhalidwe ndi zipembedzo teremu ino, koma la chaka chatha linatisiyira mabala. Tinaliika Loweruka, a Seventh Day onse sanabwere ndipo analemba kalata yodandaula. Pemphero lotsegulira linasanduka ulaliki, Asilamu anayamba kutuluka mmodzimmodzi. Kukhitchini nkhumba ndi nkhuku anazikazinga pachiwaya chimodzi. Kenaka anyamata ena anavala masaka ndi nthenga n'kumavina ngati gule. A m'magulu a mapemphero anatuluka, koma omwe anapsa mtima kuposa onse ndi anyamata ometa, olowa mwambo wa gule. Mtsikana wathu woyendera njinga ya aulumali anaonera zonsezi ali pakhomo chifukwa holo ili ndi masitepe asanu. Ndatsala ndi masabata asanu ndi limodzi. Ndiyambire pati?

A Phiri: Pepani mayi. Ndifunse kaye, pulogalamu ya chaka chathayo analemba ndani?

Nabanda: Ine ndi anzanga awiri a muofesi, kenaka tinaipereka kwa atsogoleri a bungwe la ophunzira kuti alengeze.

A Phiri: Ndiye pagona vuto pamenepo. Zonse mwatchulazi wophunzira mmodzi wa gulu lililonse akanakuuzani musanadinde pepala. Safunsa anadya phula. Sabata ino itanani mmodzi wa SCOM (bungwe la ophunzira achikhristu), wa YCS (gulu la ophunzira achikatolika), wa gulu la ophunzira achisilamu, wa Seventh Day, wa aulumali, ndipo ngati muli ndi Marasta musawasiye. Funso loyamba lisakhale lakuti mudzavina chiyani. Afunseni kuti n'chiyani chingakulepheretseni kubwera, ndipo n'chiyani chingakutulutseni muholo.

Che Mwalimu: Ndithandizepo pa za tsiku. Lachisanu masana ife timakhala kumzikiti, swala ya Jumu'ah mwamuna wachisilamu sailumpha chifukwa cha zisangalalo. Dzuwa likalowa Lachisanu lomwelo abale athu a Seventh Day ayamba Sabata mpaka kulowa kwa dzuwa Loweruka. Lamulungu ndi la matchalitchi ena onse. Masiku atatu apita. Kwathu kuno tinapempha mkulu woona za maphunziro kuti atipatse Lachitatu masana, kuyambira 1:30 mpaka 5 koloko, ndipo zinatheka. Muikemo kupuma kwa mphindi 15 chakuma 4 koloko kuti Asilamu akaswali ya Asr, enawo amwe madzi. Muonenso kalendala, chifukwa Ramadan imabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse. Kuika phwando la masana anzanu akusala kudya ndi kuwauza kuti asabwere.

Abusa: Ndipo likakhala Lachitatu, lisagwe pa Lachitatu la Phulusa. Akatolika tsiku limenelo amasala, nyama sadya.

Nabanda: Lachitatu ndalemba. Nanga pemphero? Anzanga ena akuti tingolichotsa.

Abusa: Kuno ku Malawi msonkhano wopanda pemphero anthu amauona ngati sunayambe. Koma ndinene zakukhosi, chifukwa ndi zomwe ophunzira anga amandifunsa. Ambiri amaopa kuti mawu akuti umodzi wa zipembedzo akutanthauza kusakaniza zikhulupiriro zonse mumphika umodzi. Mukandiuza kuti ndipemphere koma ndisatchule dzina la Yesu, ndikana, ndipo sindikhala ndikuchita mwano. Limenelo silikhalanso pemphero langa.

Che Mwalimu: Abusa, ife sitinapemphepo zimenezo. Mkhristu apemphere ngati Mkhristu, Msilamu apange duwa ngati Msilamu. Pamisonkhano ikuluikulu ya boma timaona m'busa ndi shehe akutsatizana pamaikolofoni imodzi, palibe amatuluka. Chimene chimatulutsa ana athu ndi pamene wopemphera watsinzina maso n'kuyamba kuuza Mulungu kuti muholo muno muli otayika. Zikatero wasiya kulankhula ndi Mulungu, akulankhula ndi ife. Ndivomerenso kuti athu ena akapatsidwa mpata amachita chimodzimodzi, amayamba kutsutsa za Utatu pamalo olakwika. Mbali zonse tiziwakonzeratu.

Abusa: Pamenepo tagwirizana. Mayi Nabanda, opempherawo akhale ophunzira, aliyense mphindi ziwiri, ndipo mukumane nawo limodzi dzulo lake kuti amvane okha. Wina atsegule, wina atseke, chaka chamawa asinthane. Omvera azingokhala chete mwaulemu, palibe wokakamizidwa kuyankha ameni. Mtsutso wa Baibulo ndi Korani uja anyamata amaukonda musaulole tsiku limenelo. Ndinauonapo ukuthera m'zibakera kuseri kwa hositelo.

NyaGondwe: Muwaganizirenso a Mboni za Yehova. Iwo salowa nawo mapemphero a zipembedzo zosakanikirana, ndipo nyimbo ya fuko saimba. Musalembe mayina pakhomo kapena kuopseza kuti wosabwera alangidwa. Anthu amenewa analetsedwa m'dziko muno kuyambira 1967 mpaka 1993, makolo ndi agogo a ana amenewa anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique chifukwa chokana kugula makhadi a chipani. Mwana wotere mukamukakamiza mumadzutsa zambiri. Muwaitane bwinobwino, akafuna abwere pa nthawi ya chakudya ndi magule.

A Mbewe: Ine zanga ndi zakukhitchini, zaka 14 ndikudyetsa ophunzira. Nkhumba tsiku limenelo isalowe n'komwe, okonda kapado akadya mawa lake. Si Asilamu okha, a Seventh Day nawonso sadya, ndipo mlamba sadyanso chifukwa ulibe mamba. Gulani mbuzi zamoyo mupemphe wophunzira wachisilamu azinge yekha anzake akuona. Kumudzi timachita chonchi pamaukwati ndi pamaliro kuyambira kalekale kuti aliyense adye mosakayika. Mukagula yopha kale, ikhale ya m'butchala yokhala ndi chiphaso cha halaal, ndipo lisiti likhale poyera. Chinanso chimene ambiri amaiwala ndi ziwiya. Chiwaya chimene chakhala chikukazinga nkhumba chaka chonse, ngakhale muchikweche ndi mchenga, mwana wachisilamu mtima sumukhala m'malo. Bwerekani mapoto ena. Pakhalenso mphika wa nyemba ndi wa masamba otendera wopanda msuzi wa nyama, wa Marasta ndi ena osadya nyama, chipande chakenso chapadera. Thobwa likhale la dzulo lake basi, likagona masiku limayamba kuwira ndipo mudzamwetsa anthu mowa osadziwa.

Nabanda: Za thobwazo sindikanaziganiza. Zikomo bambo Mbewe. Tsopano gule. Apa ndiye sindikugona napo tulo, chifukwa Achewa ndi ambiri pakoleji pathu ndipo akuti tsiku la chikhalidwe ku Lilongwe lopanda gule ndi chipongwe.

A Phiri: Ndilankhule monga Mchewa wobadwira konkuno. Zimene anachita anyamata aja ndi mlandu, kumudzi akanalipira. Gule sachokera m'chipinda cha hositelo, amachokera kudambwe, ndipo amatuluka ndi chilolezo cha mfumu ya mzinda. Ali ndi atsabwalo ake, akunjira ake, amayi ake oimbira. Munthu wosameta kuvala chigoba n'kumatsanzira chilombo ndi kunyoza mwambo, n'chifukwa chake ometa anakwiya kuposa opemphera. Inde UNESCO inauzindikira Gule Wamkulu mu 2005 limodzi ndi vimbuza, koma kuzindikiridwa kumeneko sikunausandutse sewero la aliyense. Njira zilipo ziwiri. Mukafuna gule weniweni, pitani kwa mfumu ya mzinda yoyandikana nanu mwaulemu wake, abwere ndi anthu ake, avinire pabwalo osati muholo, pa nthawi yolengezedwa kuti wosafuna kuonera achokepo popanda womuloza chala. Mukaona kuti simukwanitsa, Achewa avine chimtali ndi mganda, ndi zathunso zimenezo.

Abusa: Ine ndingakonde njira yachiwiriyo. Pali mipingo imene membala akapezeka kugule amamuimika pa Mgonero. Wophunzira wina angajambulidwe ali pabwalopo, chithunzi chifike kwa akulu a mpingo kwawo kudzera pa WhatsApp, mwana avutike.

A Phiri: Ndikumva Abusa, koma tisamale. Tikamachotsa chilichonse chimene mpingo wina sukondwera nacho, wachikhalidwe cha makolo ndiye azingogonja chaka ndi chaka. Pemphero lanu ndi la Che Mwalimu talipezera malo, nanga iye malo ake ali kuti? Ku Mua, kumishoni ya Akatolika ku Dedza, bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni mu 1976, ndipo nyumba ya Chamare yasunga zigoba za gule zambirimbiri ndi matanthauzo ake. Ansembe anatha kukhala pansi ndi eni mwambo n'kumvetsera. Ife a sukulu tingalephere?

Abusa: Mfundoyo ndailandira. Akabwera mwadongosolo lake, kumapeto kwa pulogalamu, ine sinditsutsa. Ndidzawauza anga kuti kuchoka mwakachetechete ndi ufulu wawo, kukuwiza ayi.

NyaGondwe: Chenjezo lomwelo likhudze vimbuza. Kwathu ku Rumphi ndi gule wa machiritso, ng'oma zikalira pali ena amagwidwa nazo zenizeni, ndiye musamuike ngati chosekeretsa. Koma nkhawa yanga yaikulu monga matroni ili pena. Tsiku lotere mukalikonza mwa zigawo, Atumbuka pakona pawo, Alomwe pawo, Ayao pawo, aliyense amangoombera m'manja akwawo, ndipo madzulo kuhositelo kumamveka mayina achipongwe aja. Ine ndakhala ndikutchedwa mbwenumbwenu kuyambira ndili wophunzira, zimapweteka ngakhale wonenayo akuseka. Chaka chatha tinayesa kutembenuza. Gulu lililonse linaphunzitsa gule wake kwa anthu a kwina kwa masabata atatu. Atsikana a ku Mangochi anavina chimtali, anyamata a ku Dedza anavina malipenga a ku Nkhata Bay, a ku Karonga anavina tchopa. Ubale unamangidwa pokonzekera paja, madzulo aliwonse akukonzana mapazi. Tsiku lenilenilo linangokhala losonyeza.

Nangozo: Ndachedwa, ndinali m'kalasi. Mayi Nabanda, za mtsikana wa panjinga zandikhudza kwambiri. Kumunyamula pamasitepe anzake akuonerera si yankho, ambiri zimawachititsa manyazi. Mmisiri wa matabwa wa pakoleji angakhome chokwererapo chotsetsereka masiku awiri, chisakhale chophedi, ndipo chitsale pomwepo mwambo ukatha chifukwa holo imeneyo amalemberamonso mayeso. Mukasamukira pabwalo la mpira chifukwa cha gule, kumbukirani achialubino: tenti kapena mthunzi wa mtengo, mipando ya kutsogolo chifukwa ambiri saona patali. Ngati muli ndi osamva, lemberani a MANAD, bungwe la anthu osamva, msanga za womasulira chinenero cha manja, ndipo ndalama yake ilowe mubajeti, si ntchito yaulere. Pulogalamu ina idindidwe m'zilembo zikuluzikulu. Muyendenso njira yopita kuchimbudzi muone ngati njinga ingadutse.

Nangozo: China, musawaike kutsogolo kuti aimbe nyimbo yomvetsa chisoni anthu aziti ayi Mulungu ngwamkulu. Mtsikanayo ngati ali wolankhula bwino akhale woyendetsa mwambo, kapena msungichuma wa komiti.

Nabanda: Ndi wolankhula kwambiri, amatsogolera mitsutso ya m'kalasi mwawo. Koma akuluakulu akandiuza kuti ndalama za matabwa ndi womasulira palibe?

Che Mwalimu: Muwalembere kalata yokhala ndi malamulo, asaone ngati mukupempha chifundo. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko limaletsa tsankho, ndipo limatchula chipembedzo, chilankhulo ndi ulumali. Gawo 33 limapereka ufulu wa chipembedzo. Mu 2021 atsogoleri achikhristu ndi achisilamu anasainirana mgwirizano kudzera ku PAC, bungwe la atsogoleri a zipembedzo, wolola atsikana kuvala hijabu m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma. Mu May 2023 khothi lalikulu ku Zomba linagamula kuti ana achirasta aloledwe m'sukulu za boma ndi tsitsi lawo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi 13.8 pa 100 aliwonse m'dziko muno. Pakoleji ya boma kapena ya mpingo anthu amenewa alipo ndithu.

Nangozo: Muonjezerepo lamulo la anthu aulumali la 2024, lomwe linalowa m'malo mwa la 2012. Nkhani yofikira m'nyumba za anthu onse ilimo.

A Mbewe: Ndalama ina ipezeka mukachepetsa zakumwa za m'mabotolo za kutebulo lapamwamba. Alendo olemekezeka amwe thobwa lomwelo.

Nabanda: Ndabweranso anzanga, papita masiku asanu ndi anayi. Komiti inakumana kawiri, anthu 11. Poyamba munali kuyang'anizana, mnyamata wa Seventh Day anabwera ndi kalata yake ya chaka chatha m'manja. Nditawafunsa funso la bambo Phiri lija anamasuka, tinatha maola awiri. Lachitatu latsimikizika. Atsegula ndi mtsikana wachisilamu, atseka ndi mnyamata wa YCS. Chokwererapo chakhomedwa kale ndipo mwiniwake wachiyesa, akuti chikufunika chogwirira mbali imodzi. Anyamata amene anavala masaka aja anakapepesa kwa anzawo ometa, ine kunalibe, anakonza okha. Za gule komiti sinamvanebe, asanu akufuna, anayi akukana, awiri sanalankhule. Tagwirizana kuti tikaonane kaye ndi amfumu timve ngati iwo eni angalole kuti abwere pasukulu. Bambo Phiri, kumeneko sindingapite ndekha, ndine mlendo pamwambowu. Mungandiperekeze Lolemba?

A Phiri: Lolemba ndili ndi msonkhano wa mahositelo mpaka 10 koloko, tinyamuke ikatha. Tisafikire kwa amfumu, tiyambe taonana ndi nyakwawa yawo ndiyo ikatilowetse. Muvale chitenje, mutengenso mmodzi wa anyamata ometa aja. Nkhuku ndigula ine pa Mitundu.