Ndalama za m'thumba: malata a sukulu kapena kulembetsa gombe?

aNaphiri, mlembi (Lilongwe): Moni nonse a kwathu. Pa msonkhano wa Lamulungu sitinamvane, ndiye wapampando akuti nkhaniyi ibwere muno kuti a kunja nawonso aikepo mlomo. Ena akuti ndalama zomwe tasonkha chaka chino zigule malata a buloko ya sitandade 1 ndi 2 yomwe inasasuka ndi chimphepo. Ena akuti tithandize mudzi kulembetsa gombe ndi madambo a mpunga poopa kuti mafuta akadzatuluka m'nyanja malowa angapite, kutanthauza kulipira oyeza malo, maulendo a ku boma ndi misonkhano. Thumba silingakwanitse zonse ziwiri.

aBanda (Johannesburg): Ine sindikuonapo chovuta. Ana akuphunzirira pansi pa mtengo wa mango ndipo mvula yayandikira. Gombe lija anatisiyira agogo athu, aliyense kuchokera ku Chia mpaka ku Nkhotakota boma akudziwa kuti ndi lathu. Nkhani ya mafuta a m'nyanja inatchuka mu 2011 boma litapereka chiphaso ku kampani ya Surestream. Tinakokana ndi a ku Tanzania pa za malire, koma mpaka lero sitinaone ngakhale dontho. Ana anyowe chifukwa cha mafuta omwe sanatuluke?

aMwale (Mzuzu): Achimwene aBanda, ganizo lachiwirilo ndinabweretsa ndine, ndiye mundilole ndifotokoze komwe ndinalitenga. Mpingo unanditumiza ku msonkhano ku Yenagoa, m'chigawo cha Bayelsa ku Nigeria. Tsiku lomaliza anatitengera ku Oloibiri, komwe kampani ya Shell D'Arcy inapeza mafuta oyamba ochita nawo malonda m'dzikolo mu 1956.

Anthu a kumeneko ndi a mtundu wa Ogbia. Ndi asodzi komanso alimi a chinangwa ngati ife, dera lawo ndi la mitsinje ndi madambo, ndipo mwana amadziwa kupalasa bwato asanadziwe kupalasa njinga. Mkulu yemwe ankatiperekeza anati azungu atafika kudzafufuza, makolo awo ena ankayesa kuti akufuna mafuta a kanjedza, poti ndiwo mafuta okhawo omwe ankawadziwa. Mu 1958 mafuta anayamba kupopedwa, migolo 5,100 pa tsiku, kudzera mu payipi mpaka ku Port Harcourt. Kunadzaza alendo, anyamata anapeza maganyu odula tchire ndi kunyamula zitsulo, amayi ankagulitsa chakudya. Patatha zaka pafupifupi 20 zitsime zinaphwa ndipo alendo ananyamuka.

Chomwe ndinachipeza pa chitsime choyambacho ndi chitsulo chadzimbiri chokhala ndi mawilo otsegulira, chotalika kuposa munthu pang'ono, udzu utachizungulira. Pambali pake pali chikwangwani chonena kuti anakumba mu 1956, kuya kwake mapazi 12,000. Mu 2001 pulezidenti Olusegun Obasanjo anadzaika mwala wa maziko a nyumba yosungira mbiri ya mafuta, koma pomwe ndinkafika ine mwalawo unali udakali wokha patchire.

Chomwe chinandikhudza kwambiri ndi ichi. Chitsimecho chili pa nthaka ya mudzi wa Otuabagi. Dzina la Oloibiri linalowa m'mabuku chifukwa ndi komwe kunali likulu la deralo m'nthawi ya atsamunda. Mpaka lero a ku Otuabagi akudandaula kuti dziko lonse limatchula dzina la eni ena pa nthaka yawo. Mkulu uja ankatilozera malire ndi ndodo, mtengo uwu, mtsinje uwo, ndendende momwe amachitira aMalume kwathu. Ndinabwerako mtima uli ku gombe lathu.

aNankhoma, mphunzitsi (Nkhotakota): Zikomo bambo Mwale, nkhaniyo ndi yomvetsa chisoni. Koma tisanamizane. Ku Nigeria mafuta ndi a boma, ndipo kunonso lamulo la mafuta la 1983 limaika chuma chapansi chimenechi m'manja mwa boma. A ku Otuabagi akanakhala ndi pepala, zitsime zikanaphwabe. Ine ndimawaona anawa tsiku ndi tsiku. Mtambo ukangoda timawawerutsa 9 koloko isanakwane, ndipo mwana wa sitandade 1 akajomba masabata awiri, sabweranso, mumupeza ku gombe akuthandiza kukoka chilimira.

aPhiri (Blantyre): Mayi aphunzitsi akunena zoona, pepala silipatsa munthu gawo la mafuta. Ntchito yake imaoneka pa chipukuta misozi. Taonani ku Uganda, m'mphepete mwa nyanja ya Albert. Mafuta atapezeka mu 2006, oyamba kufika ku Hoima ndi ku Buliisa anali anthu a ndalama a m'tauni, kudzagula malo omwe midzi inkagwiritsa ntchito limodzi popanda cholemba. Ku Kabaale boma linatenga malo a masikweya kilomita 29 omangapo fakitale yoyenga mafuta, ndipo anthu oposa 7,000 a m'midzi 13 anasamutsidwa. Omwe anasankha kumangiridwa nyumba ku Kyakaboga anadikira zaka. Payipi ya makilomita 1,443 yopita ku doko la Tanga ku Tanzania nayo yadutsa m'minda ya anthu. Pa zonsezi funso loyamba la owerengera limakhala lakuti mwini wake ndani, ndipo ali ndi umboni wanji.

Kwathu kuno lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira. Pamakhala komiti ya malo yomwe wapampando wake ndi gulupu, pamodzi ndi anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa, ndipo mwa iwo atatu kapena kuposerapo akhale amayi.

aMalume aKwenda (kumudzi, pa foni ya mdzukulu): Ana inu, za mafuta ine sindikuziopa. Ndikuopa zomwe zachitika kale kwa anansi athu a kummwera. Munthu anabwera ndi galimoto, anacheza ndi anthu awiri atatu, mwezi usanathe waya waima mpaka m'madzi, akuti akumanga malo ogona alendo. Mathandala oyanikira usipa anawazula. Amayi omwe ankatunga ndi kuchapa pomwepo tsopano amazungulira mtunda wautali. Asodzi a kauni, opha usipa usiku ndi nyali, akabwera mbandakucha amasowa pokocheza. Chaka chatha anthu awiri achilendo anadzayenda pa gombe lathu akujambula ndi mafoni, anandifunsa kuti mwini mchenga uwu ndani. Ndinawayankha kuti ndi wa mudzi, iwo anangoyang'anana. Malata mugula chaka chamawa, koma gombe likapita mulibwezera ndi chiyani?

aNabanda (Leicester): aMalume mwalasa. Koma ine nkhawa yanga ili pa dzina lomwe lilembedwe. Kwathu munda ndi wa mbumba. Dambo lomwe amayi anga amalimamo mpunga wa faya anawasiyira agogo aakazi, ndipo lidzakhala la ine ndi achemwali anga. Tikathamanga, oyeza malo akadzafika adzapeza amuna ndiwo ali patsogolo, akamwini ndi eni mbumba, ndipo mapepala adzatuluka m'maina awo. Tikhala tasonkha tokha ndalama zoti amayi athu alandidwe minda. Ngati sitigwirizana kaye pamenepa, ine voti yanga ipita ku malata.

aPhiri (Blantyre): Achemwali, lamulo limalola banja kapena gulu la anthu kulembetsa limodzi, choncho maina a mbumba yonse atha kulowa pa pepala limodzi. Gombe, manda ndi podyetsera ziweto tipemphe kuti ziikidwe padera ngati malo a onse, zisapatsidwe munthu mmodzi. Ndikhoza kubwera kudzafotokoza pa bwalo, ulendo ndilipira ndekha.

aBanda (Johannesburg): Za waya uja sindinkadziwa, aMalume, ndipo zandiwawa chifukwa ndinakulira pa mathandala amenewo. Komabe ana sindiwasiya. Ife a ku Joni tilipo angapo, ndiyenda khomo ndi khomo Loweruka kuti tisonkhe padera za malata. Mayi aphunzitsi, tumizani chiwerengero cha malata, misomali ndi mapaso omwe anathyoka. Thumba lalikulu lipite ku gombe, koma pokhapokha mfundo ya aNabanda italembedwa mu maminitsi.

aNankhoma (Nkhotakota): Ndikawerenga mawa ndi a komiti ya sukulu. Koma malatawo afike mvula isanakhazikike, chonde.

aNaphiri, mlembi (Lilongwe): Ndalemba zonse. Voti ikhala Lachisanu madzulo muno momwemo. aMalume, tikupempha kuti inu ndi amayi awiri a ku dambo mukaonekere kwa a gulupu lisanafike tsikulo, amve kwa ife eni ake asanamve mphekesera.