Wasankhidwa kupita ku sekondale koma Chizungu cholankhulidwa sakuchimva, ndimuthandize bwanji?

Malume wa pa Kamwendo
Moni nonse m'gulu muno. A admin ndiloleni ndipemphe nzeru, nkhaniyi yandisowetsa tulo.

Ndimalera mwana wa mlongo wanga, mayi ake anatisiya iye ali sitandade 3. Chaka chino walemba mayeso a sitandade 8, wakhoza, ndipo dzina lake latuluka ku sekondale yogonera konko. Tsiku lomwe tinamva tinapha tambala, agogo ake mpaka anavina. Panopa matumba atatu a mtedza apita kale, tagula matiresi, ndowa ndi chikwama, yunifolomu ili kwa telala.

Tsono Lamlungu lapitali kunabwera mwana wa achimwene anga amene amaphunzira ku Lilongwe. Mongocheza pakhonde anamufunsa kuti, "So which subjects are you looking forward to?" Mtsikana wanga kungoti kakasi, kenako n'kumwetulira, maso pansi, chala chikukanda dothi. Ndinayesa ndi manyazi a atsikana. Koma mlendo uja atalemba funso lomwelo kuseri kwa kope, asanabweze n'komwe cholembera, mwana wayankha kale pansi pake, chiganizo chathunthu, Biology ndi Agriculture, sipelo yosalakwika.

Usiku wake ndinamuyesa dala. Ndinatsegula MBC nthawi ya nkhani za m'Chingerezi, ndinati mvetsera, zikatha undiuze. Zomwe anatolapo ndi "Lilongwe", "minister" ndi "kwacha". Basi.

Ndiye kuti Chizungu chake chili m'maso, m'khutu mulibe. Nanga kumeneko mphunzitsi akamakalankhula osalemba pa bolodi, akatani? Kwatsala masabata 6 kuti anyamuke. Kwathu kulibe magetsi, tili ndi kasola kakang'ono, wailesi, ndi kafoni ka mabatani kolowa memori khadi. Foni yaikuluyi ndimayenda nayo kumsika, komanso bandulo mukuidziwa nokha. Ineyo ndinalekezera fomu 2. Ndiyambire pati abale?

Amake Tadala
Ndakhala pansi ndimve nawo. Wanganso ndi yemweyo, kulemba amalemba, ukamulankhula amangoti "yes" chilichonse.

Bambo wa ku Waliranji
Akulu musadzipatse BP. Ife tinapita ku fomu 1 tikungodziwa "good morning sir" ndi "please teacher may I go out", koma lero tikulankhula ndi azungu. Akakafika azolowera yekha.

Mphunzitsi wa sitandade 7, Mkanda
Malume, choyamba mwanayo musamuone ngati ndi wobalalika mutu. Vutoli ndife tomwe timalidziwa chiyambi chake. Kuyambira sitandade 5 mabuku amakhala a Chingerezi, koma ukaimirira kutsogolo kwa ana odzaza mpaka pakhomo, ukawerenga ndime n'kuona nkhope zonse zili ndwii, umatembenukira ku Chichewa kuti phunziro lipite. Tonse timatero. Kenako sitandade 8 ikafika ndi mapepala a MANEB a zaka zam'mbuyo basi, m'mawa, masana, ndi pa holide pomwe. Mayesowo ndi a pa pepala, palibe pomwe mwana amamvetsera munthu akulankhula n'kuyankha. Ndiye timanola chomwe chikayesedwe. Mwana amatuluka atamva Chingerezi kuchokera pakamwa pamodzi kapena pawiri, ndipo pakamwa pakepo timalankhula mokoka, liwu lililonse palokha.

Madamu a Physics
A ku Waliranji, kuzolowera amazoloweradi, sindikutsutsa. Koma ena pozolowera teremu yoyamba imakhala yapita, ndipo mtima wagwa kale. Ine ndimaphunzitsa fomu 1 ndipo makope ndimawaona. Mabuku ndi ochepa, ndiye manotsi ambiri timachita kuwatchulira. Ndikanena "thirteen", theka la kalasi lalemba 30. Tsiku lina ndinati "leave two lines and underline the heading", pochonga ndinapeza mwana walemba mawu omwewo ngati manotsi, mwaudongo ndithu, n'kuwaloweza. Ndinaseka koma mumtima zinandipweteka, chifukwa anali mwana wanzeru. Ana otere amangokhala phee kumbuyo, safunsa, ndipo ife timawawerengera m'gulu la aulesi. Kumbukiraninso kuti ku MSCE ukalephera Chingerezi satifiketi palibe, ngakhale masamu utakhoza bwanji. Malume achita bwino kuyamba lero.

Bambo wa ku Waliranji
Chabwino madamu, ndagonja. Koma ya manotsiyo inandichitikira inenso, ndisaname.

Aphunzitsi opuma, Kasungu
Mwanawe, ndaphunzitsa Chingerezi mpaka tsitsi kuyera, ndiye ndimvere. Walakwitsa poyambira. Nkhani za pa wailesi n'zothamanga, ndipo zadzaza mawu a ndale ndi a chuma omwe ngakhale wa fomu 4 amapunthwa nawo. Mwana woyamba kumene kuyenda sumuyesa pa mlatho wa mtengo umodzi.

Tenga buku lake lomwelo la Chingerezi la sitandade 8, kapena ubwereke kusukulu. Sankha ndime imodzi yaifupi, mizere 6 kapena 8. Iye akhale chokufulatira, asaone buku, asaonenso milomo yako. Uwerenge kamodzi monga umalankhulira, osakoka mawu. Ukatha umufunse m'Chichewa kuti nkhaniyi ikukamba za chiyani, ndipo ayankhe m'Chichewa momwemo. Apa ambiri amalakwitsa, amafuna mwana amve komanso ayankhe m'Chizungu nthawi imodzi, ndiye akakanika sudziwa kuti chavuta ndi khutu kapena lilime. Kachiwiri umuuziretu mafunso awiri, monga anapita ndani, anapita liti, kuti khutu likhale ndi chosaka. Kachitatu umupatse buku atsatire ndi chala iwe ukuwerenga. Pamenepo ndi pomwe pagona mankhwala. Udzamva yekha akuti, "Aa, kani mumanena liwu ili?" Mawuwo amawadziwa kale, kungoti sanakumanepo nawo akumveka.

Pomaliza umutchulire ziganizo zitatu alembe, dikiteshoni yathu yakale ija yomwe masiku ano anaitaya. Achonge yekha poyang'ana m'buku. Zonsezi zisapitirire mphindi 20, koma tsiku lililonse, ngakhale tsiku la msika.

Wailesiyo usaitaye. Uchite chonchi: ayambe wamvera nkhani za m'Chichewa, kenako adzamvere za m'Chingerezi za tsiku lomwelo. MBC ndi Zodiak onse amawerenga m'zilankhulo ziwirizi ndipo mitu yake kawirikawiri imafanana. Akadziwiratu kuti lero kuli nkhani ya ngozi ya basi ndi ya mtengo wa feteleza, za m'Chizunguzo sakhalanso ngati walowa m'nkhalango usiku.

Malume wa pa Kamwendo
Zikomo kwambiri aphunzitsi, ndakopera zonse m'kope. Koma mantha anga ndi amodzi. Chizungu changa n'cha kumsika, "r" ndi "l" ndimangosakaniza. Sindimuononga mwanayu?

Aphunzitsi opuma, Kasungu
Kodi akukaphunzira ku London? Amene akamuphunzitse ndi a ku Dowa, a ku Mzimba, a ku Thyolo, aliyense ndi lilime la kwawo. Werenga iwe. Koma usakhale wekha, tsiku lina awerenge mnyamata wa fomu 3 wa pamudzipo, tsiku lina alangizi a zaumoyo akadutsa uwapemphe mphindi zisanu. Khutu lizolowere mawu a anthu osiyanasiyana, aamuna ndi aakazi, othamanga ndi odekha.

Mnyamata wa pa Boma
Bigi, pa nkhani ya memori khadi ndithandizepo. Pitani kwa anyamata oika nyimbo aja, kapena gulani bandulo ya usiku kamodzi kokha. Sakani pa intaneti zojambulidwa kale za VOA Learning English ya ku America, amawerenga pang'onopang'ono ndi mawu osavuta, anapangira dala anthu ophunzira. Tengani za mawu okha, osati mavidiyo, sizidya malo ndipo kafoni ka mabatani kamaziseweretsa bwinobwino. Palinso 6 Minute English ya BBC, anthu awiri amacheza kwa mphindi 6, koma imeneyo isungeni kaye, amathamanga ndipo amaseka nthabwala zakwawo. Ubwino wa khadi ndi woti chinthu chimodzi angachimve kasanu, pomwe wailesi ikadutsa yadutsa.

Nabanda
Kuwonjezera apo, mwana wa achimwene anu wa ku Lilongwe uja asangobwera kudzachititsa mnzake manyazi n'kuchoka. Mupatseni ntchito. Madzulo aliwonse azitumiza voisi noti pa WhatsApp ya mphindi imodzi, kufotokoza m'Chizungu zomwe wachita tsikulo, wadya chiyani, wakwera minibasi yanji. Mukabwerako kumsika mwana amvere kawiri katatu. Munthu womudziwa amamveka msanga kusiyana ndi mzungu wa pa intaneti.

Che Fada
Ana a masiku ano anawaononga ndi mafilimu omasulira aja. Kale ku vidiyo sho timamva Chizungu chenicheni ngakhale timangotolapo "come on" ndi "let's go". Pano mzungu akangotsegula pakamwa, DJ wamutsekera kale ndi Chichewa, mpaka msilikali wa ku America akutchula Mchesi ndi Kawale. Mupezereni mafilimu osamasulira.

Amake Tadala
Mwana wamkazi ku vidiyo sho? Ayi zikomo. Chizungu chake chikhale.

Che Fada
Sindinati apite ku sho mayi, ndati apezeredwe. Makatuni a ana ndiye abwino, amalankhula zooneka ndi maso.

Mkulu wa mpingo, Kapiri
Ine ndinathandiza adzukulu anga ndi Baibulo. Nkhani ya mwana wolowerera pa Luka 15, ya Yosefe ndi abale ake, ya Davide ndi Goliati, mwana anakulira ku Sande sukulu amazidziwa mutu ndi mchira. Ndiye mukamuwerengera m'Chingerezi chosavuta ngati cha Good News, savutika kulondola, amangolumikiza. Osatenga King James, "thee" ndi "thou" zingomuzunguza. Ngati pafupi pali mapemphero a m'Chingerezi m'mawa, muzipita naye, pobwerera akuuzeni ulaliki unali wa chiyani.

Part Time Academy
Tili ndi makalasi a spoken English, masabata awiri mwana akulankhula ngati wa ku UK. Inbox.

Admin
Malonda ndi Lachisanu lokha. Mukabwerezanso tikutulutsani.

Mtsikana wa fomu 3
Malume ndiloleni ndiyankhe ngati amene zinandichitikira chaka chadzana. Ine m'kalasi sizinandivute kwambiri chifukwa ndimakopera kwa mnzanga. Chomwe chinandiliza ndi asembule. Ahedi amalankhula ataima patali, mphepo ikuomba, opanda bolodi, opanda buku. Sabata yoyamba analengeza kuti a fomu 1 amene sanaonetse risiti akaonane ndi a bursar isanakwane 10 koloko. Ine ndinangomva "Form One" ndi "ten o'clock", ndinayesa ndi nthawi ya phala. Dzina langa linaitanidwa pagulu ngati wosamvera, ndipo anzanga anandipatsa dzina loti Ten Okoloko mpaka teremu kutha.

Ndiye mumuphunzitse mawu a moyo wa kumeneko, asakawamve koyamba ali pamzere: prep, roll call, matron, prefect, dining hall, sick bay, lights out, general cleaning. Muzimutumanso m'Chizungu pakhomopo, zinthu ziwiri zitatu nthawi imodzi, monga akatenge ndowa, aike kuseri kwa khitchini, kenako aitane agogo. Komanso aloweze kunena kuti "Excuse me madam, may you please repeat" mpaka pakamwa pazolowere. Aphunzitsi ambiri sakalipa ukatero, amabwereza. Ife timangoopa kusekedwa, chonsecho amene akusekawo naonso sanamve.

Madamu a Physics
Mwana iwe wanena zoona zokhazokha. Amene amakweza dzanja kuti ndibwereze ndimamukonda, amapulumutsa anzake 20.

Malume wa pa Kamwendo
Ndabweranso abale, papita masiku 9. Tsiku loyamba zinathera m'misozi. Ndinalakwitsa ndine, ndinachitira pakhonde ana a oyandikana nawo ali mbwee, atalephera anayamba kumuseka. Pano timachitira m'nyumba, chitseko chotseka, tikatha kudya nsima. Njira yofulatira ija ikugwira. Ndime ya dzulo anaifotokoza pafupifupi yonse nditangowerenga kamodzi, ndipo atatsegula buku anandikonza ine, akuti "island" satchula "s". Zaka zonsezi ndimati "isilandi", aphunzitsi ake a sitandade 6 ndi amene anamuuza.

Za wailesi, Lachitatu anamva za m'Chichewa kaye, pa za m'Chingerezi anatola mitu iwiri mwa isanu. Mavoisi noti a ku Lilongwe ndiye akuwakonda kuposa zonse, mpaka wayankhapo kamodzi yekha, ngakhale anajambula kanayi asanalole kuti nditumize. Khadi ndikatenga Loweruka ku Boma.

Pomwe pakanikiratu ndi pa manambala pomwe ananena madamu. 15 ndi 50, 14 ndi 40, akungolota. Ineyonso ndikatchula ndikuona ngati zikumveka chimodzimodzi.

Aphunzitsi opuma, Kasungu
Mphamvu ya liwu ili posiyana. Pa "fifteen" umakankha kumapeto n'kukoka, fif-TEEN, ndipo "n" amveke. Pa "fifty" umamenya koyambirira n'kudula msanga, FIF-ty. Uziomba m'manja pamene pali mphamvupo, iyenso aziomba. Kenako upite naye kumsika Loweruka, umupatse kope, uzimutchulira m'Chizungu makilogalamu ndi ndalama za mtedza iye azilemba. Madzulo muwerengere limodzi ndi ndalama zili m'thumba.

Malume wa pa Kamwendo
Ndiye akalemba 50 m'malo mwa 15, yoperewerayo ndikalipiritsa inu aphunzitsi.

Aphunzitsi opuma, Kasungu
Penshoni yake iti? Yamba ndi makilogalamu, ndalama ubwere nazo sabata yamawa.