Mota ya capstan ya Tascam 38 yafa, ndithandizeni nzeru

Akuluakulu, ndili ndi Tascam 38, ija yojambulira nyimbo ya matiraki 8 pa tepi ya theka la inchi. Ndi ya m'ma 1980, yakalamba ndithu. Poyamba nyimbo zinkamveka ngati woimbayo waledzera, kenako capstan (kachitsulo kozungulira kamene kamakoka tepi) inangosiyiratu kuzungulira. Lamba ndinasintha, wakaleyo anali atasungunuka ngati phula, zala zanga zonse bii. Pinch roller (kagudumu ka labala kopanikiza tepi pa capstan) ndinapukuta. Magetsi akufika pa mota, koma iyo ili duu.

Ndapeza mota ina yochotsa m'makina akufa a mtundu womwewu. Ndikaimangirira, kodi bolodi ya servo (yowongolera liwiro la mota) ndiyenera kuichunanso kuti liwiro libwerere pa mainchesi 15 pa sekondi? Vuto tepi yoyezera liwiro ndilibe. Alipo amene anachunapo popanda tepiyo? Munatani?