Kodi woyang'anira katundu pa msasa wa asilikali ku Birao amagwira ntchito yotani?

Mayi wa ku Kapata:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene munapitako. Mwana wanga wachisamba, yemwe ndi sajeni pa Gondar Barracks kuno ku Chipata, ali m'gulu lokonzekera kupita ku Central African Republic kukasungitsa mtendere pansi pa MINUSCA, gulu la United Nations losungitsa mtendere m'dzikolo, ndipo akuti adzakhala woyang'anira katundu wa pamsasa. Iye amangoti ndisadandaule, koma mtima wa kholo sukhala pansi. Kodi munthu wotere amachita chiyani kuyambira m'mawa kufikira usiku?

Msilikali wopuma, Katete:
Amayi, ine ndinagwira ntchito yomweyo ku Birao, kumene asilikali a Zambia akhala akutumikira kuyambira mu 2015. Tauniyi ili m'chigawo cha Vakaga, pafupi ndi malire a Sudan ndi Chad, kutali kwambiri ndi likulu la Bangui, ndipo kutalikako ndiko kumalemetsa ntchito ya mwana wanu.

Kukacha, tiyi ndisanamwe, ndinkayamba ndapita ku mathanki a dizilo kukaviika ndodo yoyezera ndi kulemba m'buku malita amene atsala. Msasa wonse umapumira pa jenereta. Ikangozima, pampu ya madzi imaima, nyama ya m'firiji imayamba kuwonongeka, mankhwala a kuchipatala amatentha, ndipo mawailesi olankhulira ndi anzathu amene ali kolondera amakhala pangozi. Ndikachoka kumeneko ndinkawerenga matumba a ufa ndi mpunga, zitini, matayala ndi mabatire, kenako n'kupereka ripoti kwa akuluakulu dzuwa lisanakwere.

Chimene ndimawauza achinyamata ndi chakuti mvula ya kumeneko imagwa pamene kuno tili m'chilimwe, makamaka kuyambira Juni kufikira Okutobala. Misewu imasanduka matope, malole sadutsa, ndipo zambiri zimadalira ndege, imene singanyamule zonse zimene mukufuna. Choncho wosunga katundu ayenera kudzaza nkhokwe mitambo isanayambe kuda. Chaka china sefa ya jenereta yaikulu inatha ndege itachedwa, moti tinakhala masiku angapo tikuzimitsa magetsi m'malo ogona kuti chipatala ndi khitchini zisaime. Palinso oyendera a United Nations amene amabwera kudzaona galimoto ndi makina onse chimodzichimodzi, ndipo chimene achipeza chili chakufa chimachepetsa ndalama zimene dziko lathu limabwezeredwa. Muwauze asamasaine pepala la katundu amene sanamuone ndi maso awo, ngakhale wopemphayo akhale mnzawo wapamtima.

Namwino wa usilikali:
Ndiwonjezere pa zimene anena bambowa. Mdani amene tinkalimbana naye tsiku lililonse anali malungo ndi matenda otsegula m'mimba, ndipo nkhondo imeneyi imapambanidwa ndi wosunga katundu, osati namwino yekha. Iye ndiye amaonetsetsa kuti aliyense ali ndi neti yosang'ambika, kuti klorini wothira m'madzi alipo, ndiponso kuti zinyalala ndi madzi oipa sizikusefukira kwa anthu okhala pafupi ndi msasa. Adzagwiranso ntchito ndi eni dera amene amalankhula Chisango, Chiarabu ndi Chifalansa, motero aphunzireko ngakhale moni ndi manambala. Ife tinalima kadimba ka therere ndi repu kuseri kwa khitchini, ndipo tsiku limene ndiwozo zinkafika pambale pamodzi ndi nsima, holo yodyera inkadzaza msanga.

Mkazi wa msilikali, Mchini:
Amayi, amuna anga anatha pafupifupi chaka kumeneko. Nthawi yawo ili kumbuyo ndi ola limodzi poyerekeza ndi yathu, ndipo netiweki imabwera ndi kupita, choncho uthenga wa pa WhatsApp ukakhala masiku awiri osayankhidwa musafulumire kulira. Asananyamuke, mukhale pansi ndi apongozi anu aakazi ndi iye mwini, mugwirizane za fizi ya ana, feteleza ndi amene adzasunga khadi la kubanki, chifukwa mikangano ya ndalama imamufika munthu pafoni ali kale wotopa ndi kuwerenga madiramu.

Mayi wa ku Kapata:
Zikomo kwambiri nonse. Loweruka likubwerali tikhala pansi monga mwanenera, ndipo mawu okhudza kusaina ndiwauza monga momwe bambo a ku Katete awalembera. Amayi a namwino, kodi mbewu za therere munazitenga kuno, kapena zimapezeka pamsika wa ku Birao?