Za mafunso a HOME aja: tawayesa ku Nkhotakota

Mwezi watha ndinafunsa mmene tingaikire m'Chichewa mafunso a HOME, chida chomwe Bettye Caldwell ndi Robert Bradley a ku America anakonza chounikira mmene pakhomo pamathandizira kakulidwe ka mwana. Zikomo nonse amene munati tisangomasulira, tikayambe tawayesa m'midzi. Tatero, cha kunyanja kuno.

Pa mafunso 45 a ana osakwana zaka zitatu, ambiri anayenda bwino. Otivuta anali a zoseweretsa. Mayi wina anati, "Zidole tilibe ife," pomwe mwana wake ali pakhonde ndi ng'ombe yadothi, mkulu wake akuyendetsa galimoto yamawaya. Mawu oti chidole anawamva ngati cha kusitolo basi. Pano tikufunsa kuti, "Kodi mwanayu amasewera ndi chiyani?" kenako timapempha kuti atisonyeze.

Funso loti mwana amadya limodzi ndi mayi ndi bambo ake kamodzi patsiku silinatitherebe. Abambo ambiri kuno amachezera panyanja kupha usipa, pobwera amadyera paokha. Ine ndikuona kuti agogo kapena amalume odya naye mwana mbale imodzi aziwerengedwa, koma anzanga akuti tikatero zotsatira zathu sizifananso ndi za mayiko ena.