Andidula K120,000 pa nyemba za kusukulu, ndiyitsate bwanji?

Wanyemba wa ku Chibavi:
Mwaswera bwanji akuluakulu. Ndithandizeni maganizo. Mwezi watha ndinaperekera nyemba kusukulu ina yogonera konko, matumba 20 a makilogalamu 50, thumba limodzi K200,000. Invoyisi yanga inali ya K4,000,000. Dzulo ndalama yalowa kubanki koma ndi K3,880,000. Ndaimbira a ku akawunti pasukulupo, angoti "ndi msonkho amayi" basi. Pepala lililonse sanandipatse. Nyembazo ndinakapikula ku Jenda, ndinalipira lole, anyamata okweza ndi kutsitsa, matumba, mankhwala a anankafumbwe. Phindu langa lonse linali ngati K300,000. Ndiye munthu n'kuchotsapo K120,000? Aka n'koyamba kuperekera sukulu, kale ndinkangogulitsa pabenchi. Mtima sukukhala m'malo.

Wachimanga wa ku Luwinga:
Pepani amayi. Sanakubereni ayi, imeneyo ndi withholding tax. Ifenso amatidula nthawi zonse, 3 peresenti. Koma zoti sanakupatseni pepala ndiye zolakwika. Musagone, satifiketi imeneyo ndi ndalama.

Wanyemba wa ku Chibavi:
Ndalama bwanji achimwene? Ibwerera?

Akawuntanti wa ku Katoto:
Amayi, ndifotokoze bwinobwino poti nkhaniyi imabwera pagulu pano kawirikawiri. Lamulo limalamula sukulu, chipatala, kampani kapena bungwe logula katundu kwa inu kuti lidule 3 peresenti pa invoyisi n'kukapereka ku bungwe lotolera msonkho la MRA m'dzina lanu. Ndalamayo iyenera kufika kumeneko pofika pa 14 mwezi wotsatira mwezi umene anakudulaniwo. Si ya sukulu, ndipo si chindapusa. Ndi gawo la msonkho wanu wa pachaka limene mwalipiriratu. Chaka chikatha mumapereka return, kuonetsa zimene munagulitsa, zimene munawononga ndi phindu lenileni. Msonkho amawerengera pa phindulo, kenako n'kuchotserapo zonse zimene anakudulani m'chakamo. Ngati anadula zochuluka kuposa msonkho wanu, yotsalayo ndi yanu, mutha kupempha kuti akubwezereni kapena isungidwe pa akawunti yanu ya msonkho. Koma zonsezi zimatheka pokhapokha ngati sukuluyo yalemba pa TPIN yanu, nambala yanu ya msonkho ku MRA, ndipo muli ndi satifiketi ya withholding m'manja. Funso loyamba: TPIN muli nayo, ndipo inalembedwa pa invoyisi?

Wanyemba wa ku Chibavi:
Ndili nayo bambo, anandiuza kuti popanda TPIN sangandipatse oda. Pa invoyisi ndinalemba ndi cholembera pamwamba.

Akawuntanti wa ku Katoto:
Ndiye zili bwino. Mawa musaimbe foni, pitani nokha. Tengani kope ya invoyisi, delivery note imene anasaina polandira nyemba, ndi stetimenti ya kubanki yoonetsa K3,880,000. Lembani kakalata ka mizere itatu kopempha satifiketi ya withholding tax ya K120,000, muike nambala ya invoyisi ndi TPIN. Makope awiri, imodzi akudindireni mubwere nayo. Akakupatsani, onetsetsani manambala a TPIN limodzi ndi limodzi musanatuluke muofesimo. Nambala imodzi ikalakwika, ndalama yanu ikakhala pa dzina la munthu wina.

Wamafuta ophikira wa ku Mchengautuwa:
Ine ndinene zoona zanga, mwa misonkho yonse imene timakumana nayo, uwu ndi umene ndimauona kuti ngosalungama. Amadula pa ndalama yonse, osati pa phindu. Taonani za mayiwa. K120,000 pa K4,000,000 ikuoneka yochepa, koma pa phindu la K300,000 ndi 40 peresenti. Ndipo ndalama imeneyo ndi mpamba, ikanapita ku Jenda sabata ino kukatenga matumba ena. Mudikire chaka chithe, mitengo nayo siidikira. Kumbukirani Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, amene anadulidwa kumayambiriro a chaka chimenecho ndalama yawo inagulanso chiyani?

Akawuntanti wa ku Katoto:
Pamenepo mwalasa achemwali, sindikutsutsani. Tawerengerani: makampani amalipira 30 peresenti ya phindu. Ngati phindu lako ndi K10 pa K100 iliyonse, 30 peresenti ya K10 ndi K3. Ndiye 3 peresenti ija imagwirizana ndi munthu amene amapindula K10 pa K100. Ife a zakudya nthawi zambiri sitifikapo, mayiwa apeza K7.50 pa K100. Onjezani kuti munthu wochita bizinesi payekha, wosalembetsa kampani, ali ndi gawo la ndalama limene silidulidwa msonkho. Choncho ambiri a inu mumalipira mopitirira, ndipo poti simupereka return, yopitirirayo mumangoisiya. Chimene chimandipweteka ine n'chimenecho. Ndaonapo amayi akusunga masatifiketi m'jumbo zaka zitatu osadziwa kuti ndi chiyani.

Wachimanga wa ku Luwinga:
Komabe tisaunyoze kwambiri. Withholding ili ndi dzina lako, ili ndi pepala, ukhoza kuitsata. Nanga VAT? Imene inali pa 16.5 peresenti kwa zaka zambiri. Gogo wa ku Masasa wokazinga zitumbuwa akagula mayunitsi a foni amalipira chimodzimodzi ndi bwana woyenda pa Prado, ndipo pa mayunitsi pali msonkho wina wa excise pamwamba. Bwanayo sakumva kanthu, gogoyo ndi ndalama ya ndiwo. Alibe return, alibe satifiketi, sadziwa n'komwe kuti wakhoma msonkho. Kwa ine woipitsitsa ndi umenewo.

Wamafuta ophikira wa ku Mchengautuwa:
Za VAT ndikuvomera pang'ono. Ataika VAT pa mafuta ophikira mu 2020 tinaona tokha makasitomala akusiya botolo n'kumagula ka mafuta koyeza m'kapepala. Anadzaichotsa mu 2022. Koma VAT ili ndi ubwino umodzi achimwene, wolemera wozemba misonkho ina yonse akagula matailosi ndi TV amagwidwa ndithu. Chofunika n'chakuti zinthu za m'khitchini ya munthu wosauka zisakhudzidwe.

Wanyemba wa ku Chibavi:
Mwatchula VAT mwandikumbutsa. Mnzanga wina anandiuza kuti ndikanaonjezera VAT pa invoyisi kuti ndibwezere imene adulayo. N'zoona?

Akawuntanti wa ku Katoto:
Ayi amayi, musayerekeze. Woika VAT pa invoyisi ndi yekhayo amene analembetsa VAT ku MRA, ndipo ndalamayo si yake, amakaipereka pofika pa 25 mwezi wotsatira. Kuika VAT usanalembetse ndi mlandu. Komanso nyemba ndi chimanga zosagaya, zongochokera kumunda, sizikhala ndi VAT.

Mphunzitsi wa geni ya mazira:
Ndiloleni ndilowererepo ngakhale ndine wamng'ono pagulu pano. Inu mukudandaula 3 peresenti, ife apantchito PAYE, msonkho wa pa malipiro, imadulidwa malipiro asanafike m'manja. Ukangodutsa gawo losadulidwa lija, msonkho wayamba. Mu 2024 anakweza gawolo kuchoka pa K100,000 kufika pa K150,000 pamwezi, koma mtengo wa thumba la feteleza unali utakwera kale kwambiri. Ine lendi, thiransipoti yopita kuntchito, sindingazichotsere ngati mmene inu mumachotsera lole. Pomwe pali anthu ali ndi nyumba zalendi zisanu m'tauni muno, amalandira pamanja mwezi ndi mwezi, sanapondeko ku ofesi ya msonkho. Amakama ng'ombe imene ili m'khola, zakutchire zikungodya msipu.

Wachimanga wa ku Luwinga:
Aphunzitsi, ululu wanu ndaumva, koma kapangidwe ka PAYE ndiye kachilungamo kuposa yonse. Wolandira zochepa sadulidwa, wolandira zambiri amadulidwa peresenti yokwera. Vuto si msonkhowo, vuto ndi amene sakugwidwawo.

Mphunzitsi wa geni ya mazira:
Papepala n'zoona. Koma msonkho wabwino ukamagwera anthu ochepa okhaokha, kwa amene akuusenzawo sukhalanso wabwino.

Madala a ku Zolozolo:
Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndinakula nthawi ya msonkho wa mutu. Mwamuna aliyense wamkulu ankakhoma ndalama yofanana, kaya ali ndi sitolo kaya alibe ngakhale nkhuku, ndipo ukapezeka wopanda chiphaso unkagwidwa. Azigogo athu nthawi ya atsamunda ankakhoma msonkho wa nyumba, ndipo ndi chimodzi mwa zimene zinachotsa amuna ambiri a ku Nkhata Bay ndi ku Mzimba kupita kumigodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia kukasaka ndalama. Choncho ine msonkho ndimauyeza ndi funso limodzi: kodi wayamba wafunsa kuti munthuyu wapeza zingati? Umene sufunsa ndimaukana. Chiphaso cha pamsika chimandivuta pa chifukwa chomwecho. Mayi wa beseni limodzi la mphangwe amadula tikiti m'mawa asanagulitse ngakhale mpukutu umodzi, mvula ya kuno ikagwa tsiku lonse abwerera nazo zofota, tikiti walipira kale.

Wamafuta ophikira wa ku Mchengautuwa:
Yewo adada, mwanena zomwe ndimalephera kuzifotokoza. Ngakhale ine chiphaso cha pamsika sindidana nacho kwenikweni, chifukwa ndi ndalama yokhayo imene ungaloze ndi chala kuti igwire ntchito apa: chimbudzi, madzi, kuchotsa zinyalala, mlonda usiku. Zikamaoneka zimenezo munthu umalipira mosanyinyirika.

Wa ma trip a ku Songwe:
Nanga duty bwanji simukuitchula? Ife tikamachokera ku Kyela ndi ku Mbeya timalipira katundu asanagulitsidwe ngakhale mmodzi. Koma ndisaname, ine duty pa katundu amene timapanga konkuno ndimaimvetsa. Mpunga wa Kilombero ulipo ku Karonga, wina n'kumalowetsa mpunga wakunja mwaulere, mlimi wathu agulitsa kuti? Imene sindiimvetsa ndi ya pa zinthu zimene kuno sitipanga n'komwe.

Akawuntanti wa ku Katoto:
Ya duty tiitsegulire tsiku lake achimwene, ndi yaitali. Tibwerere kwa mayi athu, poti satifiketi payokha siikwanira. Amayi, kuti MRA ivomere kuti phindu lanu linali K300,000 osati K4,000,000, pafunika umboni wa zimene munawononga. Ndikudziwa kuti alimi a ku Jenda sapereka lisiti. Gulani hadikava. Tsiku lililonse logula lembani deti, dzina la wogulitsa, mudzi, makilogalamu, mtengo, iye asaine kapena adinde chala. Woyendetsa lole akulembereni kapepala kokhala ndi nambala ya galimoto. Ngati munalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, mauthenga aja musafufute. Za ulendo wapitawu lembani lero lomwe mukadakumbukira.

Wanyemba wa ku Chibavi:
Woyendetsa loleyo ndimamudziwa, ndi wa konkuno, ndimupeza. Ambiri ndinawalipira pafoni, mauthenga alipo. Nanga ulendo wina ndizikweza mtengo ndi 3 peresenti pa koteshoni?

Wachimanga wa ku Luwinga:
Mukakweza, oda ipita kwa wina. Masukulu amayang'ana makoteshoni atatu n'kutenga wotsika. Ine ndimangodziwiratu kuti pa K100 iliyonse ndilandira K97, ndiye ndisanavomere oda ndimaona ngati K97 imeneyo ikubweza mpamba, thiransipoti ndi kutsala kanthu. Ikapanda kutero ndimaisiya. Makamaka ngati mpamba ndi wa ngongole ya banki m'khonde, chifukwa chiwongoladzanja sichidikira return.

Akawuntanti wa ku Katoto:
Ndipo njira yotulukiramo ilipo. MRA imapereka satifiketi ya exemption kwa amene ma return ake ali m'malo ndipo alibe ngongole ya msonkho. Ukaionetsa kwa wogula, sadulanso 3 peresenti, umalandira ndalama yonse n'kumalipira wekha msonkho pa nthawi yake. Siibwera chaka choyamba, amayamba aona mbiri yako. N'chifukwa chake ndimakukakamizani za return ngakhale chaka chimene mwagulitsa pang'ono.

Wanyemba wa ku Chibavi:
Akuluakulu ndabwerako kusukulu kuja. Poyamba anati ndibwere sabata yamawa, koma nditatulutsa kalata ija n'kupempha kuti adinde, anandiuza kuti ndikhale pabenchi. Patapita kanthawi anabwera nayo satifiketi. Ndinachita monga munanenera bambo a ku Katoto, kuwerenga TPIN nambala imodziimodzi, ndipo manambala awiri akumapeto anawatembenuza. Ndinawaonetsa, anapepesa, akuti akonza ndikatenge Lachisanu.

Akawuntanti wa ku Katoto:
Mwachita bwino kwambiri amayi. Lachisanu mukafunsenso ngati akonza ndi ku MRA komwe, osati papepala lanu lokha, chifukwa ngati anatumiza kale ndi nambala yolakwikayo ayenera kukonza return yawo. Pakatha masabata angapo mudzalowe pa Msonkho Online, tsamba la MRA la pa intaneti, kapena mupite ku ofesi ya MRA konkuno mukaone ngati K120,000 ikuoneka pa dzina lanu.

Wamafuta ophikira wa ku Mchengautuwa:
Zandiopsa zimenezi. Ine ndili ndi masatifiketi a chaka chatha, sindinayang'anepo TPIN ngakhale pa imodzi. Ndikafika kunyumba ndikawatulutsa.

Mphunzitsi wa geni ya mazira:
Inenso mazira ndayamba kuperekera malo ena ogona alendo, akuti mwezi uno adula. Bambo a ku Katoto, poti ndili kale pa PAYE, za mazirazi zimalowa pa TPIN yomweyo kapena ndilembetse ina?

Akawuntanti wa ku Katoto:
Munthu mmodzi TPIN imodzi aphunzitsi, pokhapokha mutalembetsa kampani. Pa return mudzaonetsa zonse ziwiri, malipiro ndi phindu la mazira, ndipo PAYE ndi withholding zonse zidzachotseredwa. Loweruka masana ndili ndi mpata. Amene muli ndi masatifiketi bwerani nawo pamodzi ndi mahadikava anu, malo tigwirizana kuseri. Amayi a ku Chibavi, musaiwale kapepala ka woyendetsa lole.